Cithunzi ca amai okunkha ca ku France ndi zojambula za m'mapanga a ku Katete

M'nyumba yosungiramo zaluso ya Musée d'Orsay, mumzinda wa Paris ku France, muli cithunzi cimene mlimi aliyense wa ku Katete, Sinda kapena Vubwi angacimvetse popanda womasulira. Cikuonetsa amai atatu atawerama m'munda wokolola kale, akutola ngala za tirigu zimene okolola anasiya. Pa Cinyanja nchito imeneyi timaiti kukunkha.

Cithunzici anacijambula pamanja ndi Jean-François Millet m'caka ca 1857, ndipo dzina lake pa Cifalansa ndi Des glaneuses, kutanthauza kuti amai okunkha. Lero alendo ocokera m'maiko osiyanasiyana amalipira ndalama pakhomo kuti akacione.

Nakonso kuno ku cigawo ca kum'mawa kuli zojambula zocokera m'moyo wa kumudzi, ndipo zina mwa izo n'zakale kwambiri kuposa ca Millet. Kusiyana kwake n'kwakuti zathuzi zili pa matanthwe, m'mapiri, pomwe palibe citseko, galasi kapena mlonda wa pakhomo. Mbiri ya cithunzi ca ku France ingatithandize kuona bwino cuma cimene tili naco pafupi.

Zimene zili pa cithunzi

Cithunzi ca Millet si cacikulu. Msinkhu wake ndi masentimita pafupifupi 84 ndipo m'lifupi ndi 110. Anacijambula pa nsalu yolimba ndi utoto wa mafuta.

Kutsogolo kuli amai atatu aja. Awiri awerama mpaka zala kufika pansi, ndipo mmodzi wa iwo waika dzanja lina kumsana, atagwira tingala tocepa timene watola. Wacitatu waweramuka pang'ono, ngati munthu amene msana wayamba kumuwawa. Kumutu amanga mipango, ndipo nkhope zao sizikuoneka bwino. Mitu ya onse atatu ili m'munsi mwa mzere umene dziko limakumanirana ndi thambo, kotero kuti woona amamva ngati nthaka yawakokera pansi.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene angadekhe n'kuyang'ana kumbuyo kwa amaiwa adzaona dziko lina. Kutali, kumene dzuwa likuwala kwambiri, kuli milu ikuluikulu ya tirigu, ngolo yodzaza mitolo, ndi khamu la anchito amene akututa. Cakumanja kuli nyumba, ndiponso munthu wokwera pa kavalo, amene akatswiri amati ndi kapitao woyang'anira zokolola za mwini munda.

Nkhani yonse ya cithunzici yagona pa mtunda umene uli pakati pa milu ija ndi tingala ta m'manja mwa amai. Munda ndi umodzi, caka ndi ca zokolola zambiri, koma ena akututa ndi ngolo pamene ena akutola ndi zala.

Cifukwa cake cinakwiyitsa olemera

Millet anabadwa m'caka ca 1814 m'mudzi wa Gruchy, m'dera la Normandy, m'banja la alimi, ndipo ali mnyamata anagwira nchito za kumunda. Ataphunzira luso lojambula ku Cherbourg ndi ku Paris, anasamuka m'caka ca 1849 kukakhala m'mudzi wa Barbizon, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kucokera ku Paris, m'mbali mwa nkhalango ya Fontainebleau. Kumeneko kunali amisiri ena, monga Théodore Rousseau, amene anasankha kujambula mitengo, minda ndi ziweto monga momwe maso awo anali kuzionera.

Pa nthawi imeneyo akuluakulu a zaluso ku France anali kulemekeza kwambiri zithunzi za mafumu, za nkhondo, za cipembedzo ndi za nthano zakale. Mlimi akaoneka pa cithunzi, kawirikawiri anali kakang'ono kokongoletsera malo, kapena wosekerera ngati alibe vuto. Millet anaika amphawi a m'mudzi patsogolo penipeni, pamalo amene anthu anazolowera kuonapo olemekezeka.

Cithunzici citaonetsedwa pa cionetsero cacikulu ca Salon ku Paris mu 1857, ambiri mwa olemera sanakondwere naco. Panali patangopita zaka zisanu ndi zinai kucokera pa kuukira boma kwa mu 1848, ndipo eni cuma anali akali ndi mantha ndi unyinji wa amphawi. Wolemba nkhani wina, Paul de Saint-Victor, anayerekeza amaiwa ndi zoopsezera mbalame za m'munda zovekedwa sanza.

Millet anacigulitsa pa mtengo wa mafranki 3,000 cabe. Iye anamwalira ku Barbizon mu 1875. M'caka ca 1889 cithunzi comweco cinagulidwa pa mafranki 300,000, ndiye kuti mtengo woyamba uja kuucurukitsa ka 100. Mai Pommery, mwini kampani ya vinyo amene anacigula, anacisiyira dziko la France pomwalira mu 1890. Cinakhala m'nyumba ya Louvre kufikira 1986, pamene cinasamutsidwira ku Musée d'Orsay.

Utoto ndi nsalu sizinasinthe m'zaka 32 zimenezo. Cimene cinasintha ndi maso a anthu.

Kukunkha kwathu kuno

Kukunkha ndi mwambo wakale m'maiko ambiri. M'Baibulo, buku la Levitiko caputala 19 limalamula eni minda kusiyako zotsala za amphawi ndi alendo, ndipo buku la Rute limasimba za mkazi wamasiye amene anakunkha m'munda wa Boazi. Ku France, lamulo la mfumu Henri II la mu 1554 linalola okalamba, olumala, ana ndi ena osowa mphamvu kuti akunkhe mwini munda akatha kututa.

M'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi tirigu si mbeu yozolowereka, koma kuwerama kwake n'komweko. Nshawa zikakumbidwa, zina zimaduka n'kutsala m'nthaka, ndipo amai ndi ana amabwerera m'mizere ndi kakhasu ndi kambale. Cimanga cikacotsedwa pa mikukwe kupita kunkhokwe, pamatsala zitsononkho zina zokhala ndi maso m'mapesi. Wokunkha amafulumira, cifukwa akacedwa ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba zimamasulidwa, kenaka moto wa osaka mbewa umadutsa.

Mwambowu uli ndi malamulo ake osalembedwa. Munthu salowa m'munda wa mnzake mwini wake asanatsirize kukolola, cifukwa kumeneko n'kuba. Nayenso mwini munda amene amathamangitsa nkhalamba yotola zotsala, mudzi umamuona ngati woumira. Zokunkha zimasanduka nsinjiro za m'ndiwo, sopo, mcere kapena kope la mwana wa sukulu.

Conco omvera athu a kumidzi sangafunse kuti amai a Millet akucita ciani. Funso limene lingabwere n'lakuti: kodi moyo wathu wa kumudzi unajambulidwapo ndi ndani?

Makwe, Mkoma ndi Kalemba

Yankho lina lili m'mapiri a cigawo cino. Kumwera kwa tauni ya Katete, cakufupi ndi malire a dziko la Mozambique, kuli phanga la Makwe. M'dera lomweli la Katete mulinso phanga la Mkoma. Ku Chadiza, boma limene Vubwi anali mbali yake kufikira 2012, kuli phanga la Kalemba, ndipo cakufupi ndi Chipata kuli Thandwe. M'mapanga onsewa muli zojambula pa matanthwe.

Katswiri wofukula zakale David Phillipson, amene anali kugwira nchito ku bungwe losamalira malo a mbiri m'dziko la Zambia m'zaka zoyamba za ufulu, anakumba pansi pa mapanga a Makwe, Thandwe ndi Kalemba, ndipo anafalitsa zimene anapeza m'buku la mu 1976 lonena za mbiri yakale ya kum'mawa kwa Zambia. Ku Kalemba kunapezeka umboni wakuti anthu anayamba kukhalamo zaka zoposa 30,000 zapitazo. Ku Makwe kunapezeka tizida tambiri tosema ku miyala, ndipo mpaka lero akatswiri amachula mtundu wa zida zimenezo ndi dzina la Makwe. Ndiye kuti dzina la phanga la ku Katete limapezeka m'mabuku a m'mayunivesite a kunja, ngakhale kuti ana ambiri a m'cigawo cino amamaliza sukulu asanalionepo.

Zaka za kukhalamo anthu si zaka za zojambula. Anthu anakhala m'mapangamo nthawi yaitali, ndipo zojambula zinabwera pa nthawi zosiyana, ndi manja a anthu osiyana.

Zofiira ndi zoyera

Akatswiri amagawa zojambulazi m'magulu awiri akuluakulu potsata mtundu wa utoto.

Gulu loyamba ndi la zofiira. Utoto wake unacokera ku miyala yofiira yokhala ndi citsulo, imene anali kuipera. Zambiri mwa izo ndi mizere, madontho, zozungulira zina mkati mwa zinzake, ndi zooneka ngati makwerero. Izi ndizo zakale kwambiri, ndipo akatswiri amati anajambula ndi anthu osaka nyama ndi kutola zipatso, amene mbiri ya Acewa imawakumbukira ndi maina akuti Akafula, Abatwa kapena Amwandionerapati. Zofukula za Phillipson zinasonyeza kuti anthu ogwiritsa nchito zida za miyala anapitiriza kukhala moyandikana ndi alimi kwa zaka mazana ambiri.

Gulu laciwiri ndi la zoyera, zimene anazipaka ndi cala pogwiritsa nchito dothi loyera. Pamene mitundu iwiriyi yakumana pa thanthwe limodzi, coyera cimakhala pamwamba pa cofiira, zimene zikusonyeza kuti zoyera zinabwera pambuyo. Izi ndi za alimi, makolo a Acewa a lero, anthu a khasu, nkhokwe ndi mtondo.

Pakati pa zoyerazi pali zooneka ngati cikopa ca nyama cotambasulidwa pansi, kapena buluzi womuonera pamwamba, ca miyendo inai ndi mcira, nthawi zina cokhala ndi madontho. Ofufuza monga Benjamin Smith ndi Leslie Zubieta anagwirizanitsa zojambula za mtundu umenewu ndi cinamwali ca atsikana. Malinga ndi kufufuza kwao, amai ndiwo anazijambula monga zida zophunzitsira, zothandiza namwali kukumbukira malangizo. Tanthauzo lake lenileni ndi la anamkungwi, ndipo si nkhani yoiulutsa pa wailesi.

Palinso zooneka ngati zilombo za Nyau. Smith anafotokoza kuti zambiri za izi zinajambulidwa m'nthawi ya mavuto, pamene nkhondo za Angoni, kenaka mamishoni ndi boma la atsamunda, zinapanikiza Nyau, ndipo amuna anagwiritsa nchito mapanga monga malo obisika. M'mapanga ena a m'dziko la Acewa muli ngakhale zojambula zofanana ndi galimoto, umboni wakuti lusoli linapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1900. Ndiye kuti pamene Millet anali kujambula amai okunkha ku Barbizon, mwambo wojambula ndi dothi loyera unali wamoyo kuno kwathu.

Mudzi woonetsa ndi mudzi wophunzitsa

Tisanamize omvera kuti zojambula za m'mapanga n'zofanana ndi ca Millet. Pa thanthwe la ku Makwe munthu sadzapezapo munda, mitambo ndi nyumba zooneka patali monga pa nsalu ya ku France. Mitundu iwiriyi ya luso inali ndi zolinga zosiyana.

Millet anajambula mudzi kuti anthu a mumzinda auone. Cithunzi cake cinanyamulidwa kupita ku Paris, cinakolekedwa pakhoma, cinaikidwa mtengo, ndipo pansi pake pali dzina la munthu mmodzi. Amai amene anawajambula sakudziwika maina, ndipo sanali pakati pa anthu amene cithunzico cinapangidwira.

Zojambula zoyera za kuno anajambula ndi eni mudzi, kujambulira ana a mudzi womwewo. Sizinali zogulitsa, ndipo palibe amene analembapo dzina lake. Ca Millet cimaonetsa mmene moyo wa kumudzi umaonekera kunja, pamene zathu zimasunga zimene mudzi unali kuphunzitsa mkati: kukula, ukwati, ulemu, imfa ndi mizimu ya makolo.

Pali cinthu cina coyenera kucizindikira. Pa nsalu ya ku France mkazi wa kumudzi ndi wojambulidwa. Pa matanthwe a Acewa mkazi wa kumudzi ndiye wojambula. Dzanja lomwelo likuonekabe m'midzi yambiri ya cigawo cino m'nyengo ya cilimwe, pamene amai amazira ndi kukongoletsa makoma a nyumba ndi dothi lofiira, lakuda ndi loyera, n'kujambulapo maluwa ndi mizere imene mvula ikadza imafufuta.

Miyambo imene inabala zojambula zoyera ikalipo. Caka ndi caka, kumapeto kwa mwezi wa August, Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo pabwalo pamatuluka Gule Wamkulu ndi anamwali. Bungwe la UNESCO linazindikira Gule Wamkulu m'caka ca 2005 monga cuma ca cikhalidwe ca anthu onse. M'caka ca 2006 bungwe lomwelo linaika dera la Chongoni, ku Dedza m'dziko la Malawi, pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse, cifukwa ca malo 127 okhala ndi zojambula zofiira ndi zoyera. Zojambula za ku Katete ndi ku Chadiza ndi za banja limodzi ndi za ku Chongoni. Malire a maiko anadza pambuyo.

Zimene zimaononga zojambula

Cithunzi ca Millet cili ndi akatswiri oona kutentha, cinyezi ndi kuwala kwa cipinda cimene cilimo. Zojambula za pa thanthwe zimadalira khalidwe la munthu aliyense wofika paphangapo.

Dothi loyera silimatirira kolimba ngati utoto wofiira, ndipo limayoyoka msanga. Kuligwira ndi dzanja kumasiyapo mafuta ndi thukuta. Kuthirapo madzi kuti zojambula zioneke bwino pojambula ndi foni kumasungunula dothilo, ndipo kumatulutsa mcere wa m'thanthwe umene umaphimba utoto. Moto wosonkhedwa m'phanga ndi abusa a ng'ombe kapena osaka nyama umadetsa denga ndi mwaye, ndipo kutentha kwake kumasendula thanthwe. Maina olembedwa ndi makala, coko kapena penti savuta kulemba, koma kuwacotsa popanda kuononga zimene zili pansi pake n'kovuta kwambiri.

Kudula mitengo ya pakhomo pa phanga, kaya ndi ya nkhuni kapena youcha makala, kumacotsa mthunzi umene unali kuchinga dzuwa, mphepo ndi mvula. Kuswa miyala yomangira pafupi ndi phanga kungagwetse m'tsiku limodzi cimene cinakhala zaka mazana. Kukumba pansi pa phanga pofuna cuma kumasokoneza dothi limene ofukula amawerengamo mbiri, ndipo dothilo likasakanizika silibwereranso m'malo mwake.

M'dziko la Zambia malo otere amatetezedwa ndi lamulo la mu 1989 limene linakhazikitsa bungwe la National Heritage Conservation Commission. Kuononga, kulembapo, kukumba kapena kucotsa kanthu pamalo a mbiri popanda cilolezo ca bungweli ndi mlandu. Koma lamulo lili m'buku, pamene phanga lili kuphiri. Amene amadziwa munthu wokwera phirilo tsiku ndi tsiku ndi mfumu ya mudzi, mbusa wa ng'ombe ndi mai wotola nkhuni.

Udindo wa mudzi

Pali zinthu zingapo zimene sizifuna ndalama. Wopita kukaona zojambula ayambe wafika kwa a mfumu a mudzi wapafupi ndi kupempha womuperekeza, popeza mapanga ena ndi malo a mwambo. Akafika aone ndi maso okha. Wopeza zojambula zimene sizikudziwika, kaya ndi m'dera la mfumu Mbang'ombe, Kathumba, Kawaza, Nyanje kapena Pembamoyo, adziwitse mafumu ndi bungwe losamalira malo a mbiri, m'malo moyesa kuzitsuka kapena kuzidzoza utoto wina.

Aphunzitsi angathe kuika mbali ndi mbali cithunzi ca amai okunkha ndi ca zojambula za m'phanga lapafupi, n'kufunsa ana kuti ndani anajambula, anajambulira ndani, ndipo anafuna kuti cikumbukike n'ciani. Mwana amene wayankhapo mafunso amenewa sathamangira kulemba dzina lake pa thanthwe ndi khala.

Dziko la Zambia lakhala nao amisiri amene anajambula moyo wa anthu wamba, monga Henry Tayali, amene anabadwa mu 1943 n'kumwalira mu 1987, ndipo nyumba yoonetserako zaluso ya ku Showgrounds mumzinda wa Lusaka imadziwika ndi dzina lake. Acinyamata a ku Sinda ndi ku Vubwi amene ali ndi dzanja lojambula sayenera kufunafuna nkhani kutali. Ngolo ya thonje yopita kumsika, amai pa cigayo, mzere wa alimi oyembekezera feteleza ndi gogo wokunkha nshawa dzuwa likupendeka, zonsezi n'zoyenera nsalu ndi utoto.

Ku France panapita zaka zoposa 30 kuti anthu avomereze kuti amai atatu otola tirigu ndi cuma ca dziko. Nsalu inatha kuyembekezera cifukwa inali m'nyumba. Dothi loyera la m'mapanga a ku Katete lili panja, ndipo limene layoyoka silibwereranso pa thanthwe.